Phunziro 24: Agogo ndi masamba owawa

Gawo 1: Banja la ku Nhartanda

Mu mzinda wa Tete muli cigwa. Dzina lake ndi Nhartanda. Cigwaci cili pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. M'cigwamo muli madimba ambiri. Anthu amalimamo matimati, anyezi, mpiru ndi therere. Pansi pa cigwa pali madzi. Madziwo amapopedwa m'zitsime zakuya. Kenako amapita m'mipope ya mu mzinda.

Kumtunda kwa cigwa kuli nyumba ina. M'nyumbamo mumakhala anthu anayi: Abambo, Amayi, Agogo aamuna ndi mdzukulu wawo. Mdzukuluyo ndi mtsikana. Ali ndi zaka 7. Ali m'kalasi yoyamba.

Anthu ambiri a mu mzinda wa Tete amalankhula Cinyungwe. Banja ili limalankhula Cinyanja. Kwawo ndi ku Angónia. Agogo anacokera ku Ulónguè. Anabwera kudzakhala ndi mwana wawo, amene ndi Amayi.

Ku Angónia kumazizira. Ku Tete kumatentha kwambiri. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu amatuluka thukuta ngakhale atakhala pamthunzi.

Kumudzi Agogo ankalima. Ankayenda wapansi tsiku lililonse. Ankadya nsima ya mgaiwa, nyemba ndi nkhwani. Ku Tete zinthu zinasintha. Agogo ankangokhala pampando tsiku lonse. Mmawa ankamwa tiyi ndi buledi. Masana ankadya nsima ya ufa woyera ndi msuzi. Ndiwo zamasamba ankazisiya m'mbale, cifukwa mano awo ena anaguluka. Madzi ankamwa ocepa.

Yankhani:

1. Kodi cigwa ca Nhartanda cili kuti?
2. M'nyumba muja mumakhala anthu angati?
3. Kodi Agogo ankadya ciyani kumudzi?

Gawo 2: Cinsinsi ca Agogo

Agogo anayamba kudzimbidwa. Ankatha masiku anayi osacita cimbudzi. Akapita kucimbudzi, ankakhalako nthawi yaitali. Cimbudzi cinali couma ngati ca mbuzi. Ankamva kuwawa. Koma sanauze munthu. Ankacita manyazi.

Tsiku lina Agogo anapita kumsika. Anagula masamba ouma a m'kapepala. Wogulitsa anati masambawo amatsuka m'mimba. Usiku Agogo anawiritsa masamba aja. Anamwa kapu imodzi. Mmawa anatsegula m'mimba. Anakondwa.

Patapita masiku atatu, anadzimbidwanso. Anamwanso masamba. Posakhalitsa anayamba kumwa usiku uliwonse. Kapu imodzi inasiya kuwakwanira. Anayamba kumwa makapu awiri. Anayambanso kuthiramo madzi acikasu a alowe, comera ca masamba onenepa aminga. Anacita zimenezi miyezi isanu.

Usiku wina mdzukulu anadzuka. Anaona moto kukhicini. Anapeza Agogo akuwiritsa masamba m'kapoto.

"Agogo, mukuphika ciyani usiku uno?"

"Ndi tiyi wanga, mdzukulu wanga. Pita ukagone."

"Nanga bwanji akununkha conci?"

"Ndi mankhwala a m'mimba. Usawauze amako. Ali ndi zambiri zoganiza."

Mdzukulu anakagona. Koma tulo sitinabwere msanga. Iye amawakonda Agogo. Sanafune kuwakhumudwitsa.

Yankhani:

1. N'cifukwa ciyani Agogo sanauze munthu?
2. Poyamba ankamwa makapu angati? Nanga pambuyo pake?
3. Kodi Agogo anamupempha ciyani mdzukulu?

Gawo 3: Mmawa wina

Linali Loweruka. Mdzukulu ankasesa pabwalo. Agogo anatuluka m'cimbudzi. Ankayenda atagwira pamimba. Miyendo yawo inkanjenjemera. Anaona cizungulire. Anakhala pansi mwadzidzidzi, pafupi ndi mtondo.

Mdzukulu anataya tsache. Anathamangira kudimba. Amayi anali kuthirira matimati.

"Amayi, bwerani! Agogo agwa!"

Amayi anasiya ndowa. Anathamanga. Anawapeza Agogo ali pansi. Milomo yawo inali youma. Anawapatsa madzi.

"Atate, cavuta n'ciyani?"

"Palibe, mwana wanga. Ndi dzuwa cabe."

Mdzukulu anayang'ana Agogo. Anayang'ananso Amayi. Mtima wake unagunda kwambiri. Kenako analowa m'nyumba. Anatenga kapepala ka masamba kaja. Anakapereka kwa Amayi.

"Agogo amamwa izi usiku uliwonse. Anati ndisanene. Pepani, Agogo. Ndikuopa kuti mungafe."

Agogo anakhala cete. Kenako anati: "Wanena zoona, mdzukulu wanga. Ndakhala ndikudzimbidwa. Popanda masamba amenewa sindicita cimbudzi."

Amayi sanawakalipire. Anati: "Atate, matenda sabisa. Tiyeni kucipatala. Masambawa tiwatenge."

Yankhani:

1. Kodi Amayi anali kuti?
2. Mdzukulu anaulula cinsinsi. Kodi anacita bwino? Cifukwa ciyani?

Gawo 4: Kucipatala

Kucipatala anapeza anamwino. Anamwino anawalandira bwino. Anafunsa mafunso ambiri.

"Agogo, mwayamba liti kudzimbidwa? Kodi m'cimbudzi mumaoneka magazi? Kodi mumasanza? Kodi mwaonda? Pali mankhwala ena amene mumamwa?"

Agogo anayankha mafunso onse. Magazi sankaoneka. Sankasanza. Sanaonde. Anamwino anawagwira pamimba. Anawayeza kuthamanga kwa magazi. Anawayezanso shuga. Kenako anatsegula kapepala kaja.

"Ena mwa masamba awa akufanana ndi sena. Enawa sindikuwadziwa. Sena ndi mankhwala enieni. Ngakhale madokotala amapereka sena. Koma iwo amapereka mapiritsi a mlingo wodziwika. M'kapoto mwanu mulibe mlingo. Lero mankhwala acepa, mawa aculuka."

"Nanga miyendo yanga yafookeranji?" anafunsa Agogo.

"Mukatsegula m'mimba, thupi limataya madzi. Limatayanso mcere wofunika. Inu mwataya zimenezi tsiku ndi tsiku. Kuno n'kotentha, thukuta nalo likucotsa madzi. N'cifukwa cake mwafooka."

"Ndiye nditani, mwana wanga? Ndikasiya, ndidzimbidwanso."

"Musadandaule, Agogo. Alowe musiye lero lomwe. Masamba a m'kapepala musiyenso. Ndikupatsani mankhwala ofewetsa cimbudzi. Muzimwa monga ndalembera. Tidzacepetsa pang'onopang'ono. Koma mankhwala aakulu ali kunyumba kwanu: madzi, cakudya ndi kuyenda. Mubwerenso pakatha milungu iwiri."

Anamwino anawapatsanso madzi a mcere ndi shuga a m'kapaketi. Agogo anamwa pang'onopang'ono. Cizungulire cinacepa.

Yankhani:

1. Chulani mafunso awiri amene anamwino anafunsa.
2. Kodi thupi limataya ciyani munthu akatsegula m'mimba?

Gawo 5: Ulendo wa cakudya

Anamwino anatenga pepala. Anajambula munthu. Anaitana mdzukulu kuti aone.

Cakudya cimalowa m'kamwa. Mano amacitafuna. Cimatsikira m'cifu. Cikacoka m'cifu, cimalowa m'matumbo aang'ono. Mmenemo thupi limatenga zabwino za m'cakudya. Zotsala zimapita m'thumbo lalikulu. Thumbo lalikulu limayamwa madzi. Zotsala zija zimasanduka cimbudzi. Ulendo wonse umatenga tsiku limodzi, awiri kapena atatu.

Cimbudzi cikakhalitsa m'thumbo, thumbo limayamwabe madzi. Cimbudzi cimauma. Cimavuta kutuluka. Kumeneko ndiye kudzimbidwa.

Mdzukulu anaganiza za dimba la Amayi. Anati: "Zili ngati dothi la kudimba. Likauma, khasu sililowa. Akalithirira, limafewa."

Anamwino anaseka. "Wamva bwino, mwana iwe. Koma madzi okha sakwanira. Pamafunikanso timaulusi ta m'zakudya. Pa Cipwitikizi amati fibra. Timaulusi timapezeka m'gaga wa cimanga, m'nyemba, m'masamba ndi m'zipatso. Timasunga madzi m'cimbudzi. Conco cimbudzi cimakhala cofewa."

Yankhani:

1. Cakudya cikacoka m'kamwa cimapita kuti?
2. Kodi thumbo lalikulu limayamwa ciyani?
3. Timaulusi timapezeka m'zakudya ziti?

Gawo 6: Banja lithandizana

Madzulo banja linakhala pamphasa. Aliyense anatenga nchito yake.

Abambo anapita kucigayo. Anagayitsa cimanga cosakonola. Anabwera ndi ufa wa mgaiwa.

Amayi anaphika nyemba mpaka zinafewa. Anazipota ndi mthiko. Anadula nkhwani tizidutswa tating'ono. Anathiramo nsinjiro. Agogo anadya popanda kuvutika ndi mano. Tsiku lina Amayi anaphika therere. Tsiku lina anaphika khobwe. Mmawa ankaphika phala la mgaiwa lothira malambe.

Mdzukulu anatenga nchito ya madzi. Anatola timiyala 8. Anatiika pazenera. Agogo akamwa kapu imodzi ya madzi, iye ankaponya kamwala kamodzi m'cikho. Dzuwa likamalowa, ankawerenga timiyala.

"Agogo, kwatsala timiyala tiwiri!"

"Iwe ndiwe wovuta kuposa anamwino," ankatero Agogo, uku akumwa.

Mmawa kusanatenthe, Agogo ankatsikira kudimba. Ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Ankathandiza kuzula udzu. Pobwera ankadya papaya wakupsa. Akatha kudya phala, ankapita kucimbudzi. Ankakhalako mphindi zisanu. Sankadzikakamiza.

Mlungu woyamba unali wovuta. M'mimba munkadzaza mpweya. Masiku awiri anadutsa popanda cimbudzi. Agogo anafuna kubwerera kumsika.

Amayi anati: "Atate, cimanga sicikhwima tsiku limodzi. Pirirani. Mankhwala a kucipatala muli nawo. Tsiku lobwerera lili pafupi."

Agogo anapirira. Anabwerera kucipatala pa tsiku lake. Anamwino anawalimbikitsa. Patapita mwezi, anacepetsa mankhwala. Patapita miyezi itatu, Agogo ankacita cimbudzi cofewa pafupifupi tsiku lililonse. Masiku ena ankadumpha tsiku. Anamwino anati palibe vuto. Miyendo inasiya kunjenjemera. Agogo anapempha kamunda kawo m'dimba. Anabzalamo therere.

Yankhani:

1. Kodi Abambo anacita ciyani?
2. Mdzukulu anatola timiyala tingati?
3. N'cifukwa ciyani Agogo ankayenda mmawa?

Gawo 7: Mdzukulu naye

Tsiku lina mdzukulu anabwera kusukulu atakwinya nkhope. Anakana nsima. Agogo anamuyang'ana.

"Mdzukulu wanga, wacita liti cimbudzi?"

Mdzukulu anawerama. "Dzana, Agogo. Kusukulu ndimadzigwira. Ndimacita manyazi kupempha aphunzitsi. Anzanga angandiseke."

"Manyazi anandigwetsa pafupi ndi mtondo. Waiwala? Cimbudzi cikakupeza, imika dzanja. Upemphe. Upite. Aliyense amapita kucimbudzi. Ngakhale aphunzitsi amapita."

Mdzukulu anaseka. Agogo anatenga timiyala 5. Anatiika pazenera.

"Tsopano ndine wowerenga. Imwa madzi."

Amayi anamupatsa papaya. Mmawa, atadya phala, anapita kucimbudzi. Anacita bwino. Potuluka anasamba m'manja ndi sopo.

Yankhani:

1. N'cifukwa ciyani mdzukulu ankadzigwira kusukulu?
2. Kodi munthu amatani akatuluka m'cimbudzi?

Mawu atsopano

kudzimbidwa: kuvutika kucita cimbudzi cifukwa cauma
mgaiwa: ufa wa cimanga cosakonola
mlingo: kuculuka kwa mankhwala oyenera kumwa
thumbo: njira ya cakudya m'mimba
cizungulire: kuona ngati zinthu zikuzungulira

Werengani mokweza

ma-dzi
mi-mba
nye-mba
pa-pa-ya
ma-la-mbe
the-re-re

mba mbe mbi mbo mbu
dza dze dzi dzo dzu

Agogo amwa madzi.
Amayi aphika nyemba.
Mwana adya papaya.

Lembani mawu osowa

1. Agogo amadya nsima ya ________.
2. Cimbudzi cikakhalitsa m'thumbo ________.
3. Mwana asamamwe ________ popanda munthu wamkulu.
4. Potuluka m'cimbudzi, sambani m'manja ndi ________.

Masamu

1. Pazenera pali timiyala 8. Agogo amwa makapu 3. Kwatsala timiyala tingati?
2. Mdzukulu wamwa makapu 2 mmawa ndi makapu 3 masana. Wamwa makapu angati?
3. Amayi athyola mapapaya 4. Banja ladya 1. Atsala angati?

Nchito ya kunyumba

Jambulani zakudya zitatu zokhala ndi timaulusi. Funsani akuluakulu maina a ndiwo zamasamba za kwanu. Mudzauze anzanu m'kalasi.

Tsamba la makolo ndi onse a pakhomo

Tsamba ili awerenge ndi munthu wamkulu, kapena mwana wa kalasi yapamwamba awerengere banja lonse.

*Kodi kudzimbidwa n'ciyani?*

Anthu amasiyana. Wina amacita cimbudzi katatu pa tsiku, wina katatu pa mlungu, ndipo onsewo ali bwino. Kudumpha tsiku limodzi si matenda. Munthu wadzimbidwa ngati akucita cimbudzi kosakwana katatu pa mlungu, kapena ngati cimbudzi cili couma, cowawa ndi cofuna kukakamiza. Vutoli likapitirira miyezi itatu, limachedwa kudzimbidwa kokhalitsa. Kukakamiza kwa nthawi yaitali kungabweretse matenda a mudzi kapena kung'ambika kwa khungu la kotulukira cimbudzi.

*Cimayambitsa n'ciyani?*

Kawirikawiri ndi zinthu za tsiku ndi tsiku: cakudya copanda timaulusi, madzi ocepa, kukhala malo amodzi ndi kudzigwira. Okalamba ndi amayi apakati amadzimbidwa kawirikawiri. Mankhwala ena amaumitsa cimbudzi, monga mapiritsi oonjezera magazi ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu, monga kodeini, tramadol ndi morfini. Amene akumwa mankhwala otere asasiye yekha, koma akauze a cipatala. Matenda a shuga ndi matenda ena a m'thupi angayambitsenso kudzimbidwa. N'cifukwa cake munthu wodzimbidwa nthawi yaitali ayenera kuyezedwa.

*Za mankhwala a zitsamba*

Mankhwala ocokera ku zomera ali ndi mphamvu ngati ena onse. Mawu akuti "acilengedwe" satanthauza kuti munthu angamwe mmene wafunira.

Sena ndi citsamba cimene masamba ndi makoko a mbewu zake amatsegula m'mimba. Amagwira nchito pakatha maola 6 mpaka 12. Amacititsa thumbo lalikulu kufinya mwamphamvu. Sena ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, OMS. Madokotala nthawi zina amalembera munthu sena kwa miyezi yambiri, pa mlingo woyezedwa, ndipo amamuonanso nthawi ndi nthawi. Koma munthu wodzigulira yekha asapitirire mlungu umodzi asanafunse a cipatala. Sena woculuka amapotokola m'mimba, amatsegula m'mimba kwambiri, ndipo amacotsa madzi ndi mcere wochedwa potaziyamu. Potaziyamu akacepa, minofu imafooka ndipo mtima ungagunde molakwika. Ngozi imakula kwa okalamba, kwa odwala mtima kapena impso, ndi kwa amene amamwa mapiritsi okodzetsa.

Alowe ali ndi madzi acikasu owawa pansi pa khungu la tsamba. Madzi amenewo amatsegula m'mimba mwamphamvu kwambiri ndipo angavulaze impso. Mu 2002, boma la United States linacotsa alowe pa mankhwala otsegula m'mimba ogulitsidwa popanda kalata ya dokotala, cifukwa panalibe umboni wokwanira wakuti ndi osavulaza.

Mafuta a nsatsi nawo ndi amphamvu. Mayi wapakati asamwe mafuta a nsatsi kapena madzi a alowe, cifukwa angayambitse kupweteka kwa mimba nthawi isanakwane. Njere za nsatsi zili ndi poizoni. Ana asazitafune ngakhale posewera.

Mizu, makungwa ndi ufa wosakaniza wa m'timapepala zili ndi vuto limodzi: womwa sadziwa zimene zilimo, ndipo sadziwa mlingo wake. Amene wakhala akumwa zotere asacite manyazi. Azitenge popita kucipatala kuti anamwino azione.

Kupopera madzi a sopo kapena a zitsamba kotulukira cimbudzi n'koopsa, makamaka kwa ana. Kungawotche kapena kuboola thumbo.

Kucipatala kuli mankhwala ofewetsa cimbudzi, monga lactulose ndi macrogol. Amenewa amakokera madzi m'thumbo. Sagwira nchito nthawi yomweyo, angatenge tsiku limodzi kapena awiri. Ngati a cipatala alemba kuti amwedwe miyezi ingapo, atsatiridwe mpaka kumapeto, ndipo acepetsedwe pang'onopang'ono.

*Zimene banja lingacite*

Cakudya. Mu 2023, OMS inalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osacepera 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso pa tsiku, ndi magalamu osacepera 25 a timaulusi. Mwana wa zaka 6 mpaka 9 azidya magalamu 350 a masamba ndi zipatso, ndi magalamu 21 a timaulusi. Pakhomo palibe sikelo, koma njira ndi yapafupi: pa cakudya ciliconse pakhale masamba, nyemba kapena cipatso. Ufa woyera wataya gaga pokonola ndi poviika, pamene mgaiwa uli ndi gaga wake. Mapira, nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, mbatata, maungu, nkhwani, bonongwe, cisoso, kholowa ndi therere zonse n'zothandiza. Pa zipatso, dera la Tete lili ndi malambe, masau, bwemba, papaya ndi mango. Ufa wa malambe uli ndi timaulusi tambiri. Bwemba woviika m'madzi abwino amafewetsa cimbudzi pang'ono. Ana aphunzitsidwe kulavula njere za masau ndi za bwemba, cifukwa njere zambiri zikamezedwa zingatseke njira. Zakudya zimenezi zionjezeredwe pang'onopang'ono, kuti mpweya usaculuke m'mimba.

Madzi. Wamkulu amwe makapu pafupifupi 8 pa tsiku, mwana wa kalasi yoyamba makapu pafupifupi 5. M'nyengo yotentha aonjezere. Mkodzo ukakhala wacikasu kwambiri, madzi acepa m'thupi. Odwala mtima kapena impso afunse a cipatala za mlingo wa madzi. Madzi akumwa akhale otetezeka: owiritsa kapena othira mankhwala monga Certeza. Masamba ndi zipatso zitsukidwe ndi madzi abwino.

Kuyenda. Kuyenda kumathandiza matumbo kugwira nchito. Mphindi 30 pa tsiku n'zokwanira kwa ambiri. Ku Tete nthawi yabwino ndi mmawa kapena madzulo.

Nthawi ya cimbudzi. Matumbo amayenda kwambiri munthu akangotha kudya, makamaka mmawa. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yopita. Kunjuta kumathandiza cimbudzi kutuluka mosavuta. Amene ali ndi cimbudzi cokhalira aike kampando kakang'ono pansi pa mapazi. Wokalamba wa mawondo ofooka amuikire mtengo wogwira. Cimbudzi ca pakhomo cikhale caukhondo, cotseka bwino, kuti mwana asaope kulowamo. Kudzithandiza m'cigwa n'kosayenera, cifukwa mmenemo ndimo muli ndiwo ndi madzi a anthu a mu mzinda.

*Za ana*

Mwana akamva kuwawa kamodzi, amayamba kudzigwira. Akadzigwira, cimbudzi cimauma kwambiri, ndipo ulendo wotsatira umawawa koposa. Nthawi zina cimbudzi camadzi cimadutsa m'mbali mwa couma cija n'kudetsa kabudula, mwana osadziwa. Mwana wotere asamenyedwe ndipo asanyozedwe. Apite naye kucipatala. Mwana asapatsidwe sena, alowe, mafuta a nsatsi kapena mizu pakhomo.

Khanda losakwana miyezi 6 liziyamwa bere lokha, popanda madzi, phala kapena zitsamba. Khanda loyamwa bere lokha, likapitirira mwezi umodzi, lingathe masiku angapo osacita cimbudzi. Ngati likuyamwa bwino, likukodza, mimba ili yofewa ndipo cimbudzi cikabwera n'cofewa, palibe vuto. Koma khanda lobadwa kumene likatha masiku awiri osacita cimbudzi coyamba, lionedwe ndi a cipatala msanga.

*Thamangirani kucipatala tsiku lomwelo ngati:*

- mimba yatupa ndipo ikupweteka kwambiri;
- cimbudzi ndi mpweya zonse zasiya kutuluka;
- munthu akusanza, makamaka zobiriwira;
- m'cimbudzi muli magazi ambiri, kapena cimbudzi cada bii pamene munthu sakumwa mapiritsi oonjezera magazi;
- munthu wafooka, akuona cizungulire kapena wakomoka.

Zizindikiro zitatu zoyambazo zingatanthauze kuti thumbo lapotana kapena latsekeka. Pamenepo mankhwala otsegula m'mimba amaonjezera ngozi. Wodwala asapatsidwe kanthu, apite naye msanga. Matenda otere amafuna cipatala cacikulu, monga Hospital Provincial de Tete.

*Pitani kukayezedwa osacedwa ngati:*

- kudzimbidwa kwapitirira milungu itatu ngakhale cakudya casintha;
- magazi akuoneka pang'ono mobwerezabwereza;
- munthu akuonda popanda cifukwa;
- kudzimbidwa kukusinthana ndi kutsegula m'mimba;
- vutoli layamba mwatsopano kwa munthu wa zaka zoposa 50.

Pakhomo nkhani ya cimbudzi izikambidwa mwaulemu koma mosabisa. Mwana auzidwe kuti cinsinsi ca matenda siciyenera kusungidwa, ndipo akaulula ayamikiridwe. Okalamba azifunsidwa mwakacetecete, pambali, ndi mwana wawo kapena munthu amene amamasuka naye.